Funso la inki yofiira pa pepala langa la Garmin ndi TomTom

Pepala langa linabwerera ndi funso limodzi m'mbali, la inki yofiira: "Wopikisana naye ndani kwenikweni?" Masamba anayi athunthu, yankho n'kukhala limeneli. Aphunzitsi athu a kosi yamadzulo ya zachuma anatipatsa ntchito yoti tione mmene masheya a Garmin ndi TomTom, makampani opanga tizipangizo ta GPS tolondolera njira kudzera pa masatelayiti, anayendera kuyambira 2007 mpaka 2010, tifotokoze chimene chinkasowetsa tulo anthu amene anaika ndalama zawo m'makampani awiriwa. Ine ndinangolemba kuti ankalimbirana makasitomala, uyu akatsitsa mtengo uyonso atsitsa, ngati amayi a tomato ku Soweto Market. Bodza silinalipo, koma ndinangopalapasa pamwamba.

Loweruka ndinayambiranso, ndi funso looneka lachibwana: kodi anthuwa ankagulitsa chiyani? Masatelayiti si awo. GPS ndi ya boma la America, anaimanga ndi asilikali, ndipo satelayiti yoyamba inakwera mu 1978. Uthenga wochokera kumwambako aliyense amaulandira ulere. Mu Meyi 2000 pulezidenti Bill Clinton analamula kuti aleke kusokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, ndipo kuchokera pamenepo kachipangizo ka m'manja kankatha kukuloza pamene waima, kuphonya ndi mamita ochepa chabe. Tizipangizo tomata pagalasi la galimoto tija tinayamba kuyenda malonda.

Koma kachipangizoko fakitale iliyonse ya zamagetsi ikhoza kupanga. Chosowa chinali mapu, ndipo eni mapu akuluakulu anali awiri okha: Navteq ya ku Chicago ndi Tele Atlas ya ku Netherlands. Apa m'pamene nkhani inayamba kundikomera, mpaka nsima inazizira pambale. Mu 2007 TomTom inanena kuti ikufuna kugula Tele Atlas. Mu Okutobala chaka chomwecho Nokia inalengeza kuti ikugula Navteq pa madola 8.1 biliyoni. Tangoganizani muli ndi masheya a Garmin tsiku limenelo: kampani yanu imadalira mapu a Navteq, ndiye mwiniwake watsopano ndi wopanga mafoni amene akufuna makasitomala anu omwewo. Garmin inathamangira kukapikisana pa Tele Atlas, TomTom inakweza mtengo kufika mayuro 2.9 biliyoni, Garmin n'kubwerera m'mbuyo, kukasaina pangano la zaka zingapo ndi Navteq. Wopambanayo anasenza ngongole yaikulu, mavuto azachuma a 2008 ali pakhomo. Ine ndimaona kuti kugonja kwa Garmin kunali mwayi wake, ngakhale mnzanga wina m'kalasi akuti ndikuweruza mlandu nditadziwa kale mathero.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Okutobala 2009 Google inalengeza kuti mafoni a Android azilondolera oyendetsa galimoto njira, ndi mawu omwe, popanda kulipira kalikonse. Masheya a Garmin ndi a TomTom anagwa kwambiri tsiku lomwelo. Mu Januwale 2010 Nokia nayonso inamasula yake yaulere. Apa ndi pamene ndinamvetsa funso lofiira lija. Mnzako akatsitsa mtengo, nawe umatsitsa, mumaonana. Nanga amene sakufuna n'komwe ndalama yako pa katunduyo, chifukwa iye amadyera kwina, pa malonda otsatsa, ungamutsitsire mpaka pati? Amayi a tomato aja sangalimbane ndi munthu amene akugawa tomato waulere kuti anthu alowe m'shopu yake.

Zotsatira ndingodutsapo. Nokia inagulitsa bizinesi yake ya mapu, yotchedwa HERE, kwa opanga magalimoto Audi, BMW ndi Daimler mu 2015 pa mayuro 2.8 biliyoni. TomTom inatembenukira kogulitsa mapu kwa makampani ena ndi opanga magalimoto. Garmin inapulumukira ku mawotchi a othamanga ndi zipangizo za ndege ndi maboti, kumene munthu sangadalire foni yokha. Kumwambako nakonso kwadzaza masatelayiti ena ogwira ntchito ngati GPS: GLONASS ya Russia, Galileo ya ku Ulaya, BeiDou ya China imene inamalizidwa mu 2020, ndipo mafoni ambiri amamvera zingapo nthawi imodzi.

Chinandikhalira m'mutu n'chakuti mapu aja, amene anthu anatayirapo mabiliyoni, ntchito yake sinathebe. Lachinayi nditaweruka m'kalasi ndinachedwa kwa achemwali ku Kalingalinga, ndiye ndinaitana takisi pafoni. Kagalimoto pa sikirini kanabwera bwinobwino kuchokera ku Great East Road, kenako kanayamba kuzungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Foni inalira.

"Amayi, muli pati? Mapu akundilowetsa m'mpanda wa anthu."

"Mwaona chigayo? Mupitirire pang'ono, pali kantemba kobiriwira kogulitsa makala. Ndaima pamenepo."

"Apo ndiye ndadziwa, ndafika."

Masatelayiti ali kutali makilomita pafupifupi 20,000 anandipeza molondola, koma kanjira kolowera kwa achemwali mapu sakukadziwa. M'galimotomo ndinawafunsa adalaivala ngati anagulapo kachipangizo ka GPS. Anaseka, nati ndalama imene iwo amadandaula ndi ya bandulo basi, ndi foni ikatentha masana padzuwa.

Ndaika nkhani ya chigayoyi m'ndime yomaliza ya pepala latsopano, ngakhale ndikukayika ngati aphunzitsi aikonde. Ntchito yotsatira atipatsa kale: tisankhe kampani imodzi ya pa Lusaka Securities Exchange, tiifunse funso lofiira lomwelo. Pepala la Garmin ndikapereka Lachiwiri, ndipo latsika kufika masamba atatu.