Antispin yalowa tsopano, koma moto sindinayatse nayobe

Yalowa anzanga. Antispin ija yalowa m'mutu komanso m'dzanja lamanja, mtima wanga wakhala pansi moti sindingagone ndisanalembe. Amene mumazunguza poi, mpira womangidwa kumapeto kwa chingwe umene amauzunguza povina, mukudziwa kale zimene ndikunena nde sindiyamba kufotokoza za ma move oyambira ngati weave kapena butterfly, kapena kusunga plane, ndiye kuti poi izizungulira mu mzere umodzi osapatukira kumbali, zimenezo aliyense amene anaikapo mpira wa tenesi mu sokosi anadutsamo. Antispin imene ndikunena ndi duwa la masamba anayi lija limene mutu wa poi umajambula ukamazungulira, mkono ukuzungulira kupita kutsogolo poi ikuzungulira chobwerera m'mbuyo, limene pa vidiyo limaoneka lophweka koma ukaliyesa chingwe chimangokulunga pa mkono kapena mutu wa poi nkukuwomba pa khutu.

Vuto lake ndi loti maso amaona duwa, nde dzanja limafuna kujambula duwalo, kukhota apa kukhota apo kutsatira masamba. Koma dzanja silijambula duwa ayi. Dzanja limangoyenda bwalo limodzi lalikulu losalala, mkono wowongoka, basi. Chimene uyenera kusamala ndi malo anayi okha, pamwamba, kutsogolo, pansi ndi kumbuyo. Dzanja likafika pamwamba poi iloze kumwamba. Likafika kutsogolo poi iloze kutsogolo, likafika pansi iloze pansi, kumbuyo chimodzimodzi. Ndiye pakati pa malo awiri aliwonse, pamene mkono wapendekeka, chingwe chimagona motsatira mkono wako mutu wa poi nkuloza pa phewa lako. Kunja, mkati, kunja, mkati, mpaka bwalo litatha. Nditangoona zimenezi zonse zinamasuka nthawi imodzi, masamba aja amatuluka okha, iwe ntchito yako ndi kufika pamalo anayiwo pa nthawi yake.

Ndipo pali kachinthu kena kamene kamandizunguza mutu kale, koti poi imazungulira katatu pamene mkono wazungulira kamodzi koma masamba nkutuluka anayi. Ndimati lachinayilo likuchokera kuti? Likuchokera ku mkono. Popeza ziwirizi zikuyenda mosemphana zimakumana kanayi, katatu ka poi kuphatikizapo kamodzi ka mkono. Mukazitembenuza kuti zonse ziziyenda mbali imodzi, inspin ija, kuzungulira katatu komweko kumakupatsani masamba awiri okha chifukwa mkono ukuthamangitsana ndi poi, kamodzi kamachokapo. Nde amene mumawerenga poi ikamadutsa pansi muziwerenga mpaka 3, osati 4. Ukamafuna kukwanitsa 4 umathamangitsa poi mkono nkutsalira, masamba nkukhala asanu opindikapindika ndipo sudziwa kuti chalakwika ndi chani.

Ndibwereze za mkati muja chifukwa kwa ine ndi pamene pagona nkhani yonse. Tonse timayang'ana nsonga za masamba poti ndi zimene zimakongola, koma chimene chimagwira duwa kuti lisagwe ndi kamphindi kamene mutu wa poi ukudutsa pafupi ndi phewa. Ukakaopa kamphindi kameneko nkupinda chigongono kapena kukankhira dzanja kumbali, plane yatha pomwepo, chingwe chikukwapula mkono. Ukakalola, chimadutsa chokha chosakhudza kanthu. Komanso liwiro silofanana ayi. Kunsonga dzanja likupita kutsogolo mutu ukubwerera m'mbuyo nde zimachotserana, mutu umaoneka ngati ukupumira kaye. Mkati muja zonse ziwiri zikulowera kumodzi nde zimaphatikizana, ndipo ngati chingwe ndi mkono zili zotalika mofanana mutu umadutsa pa phewa ndi liwiro lowirikiza kawiri la kunsonga. M'zala umamva kukoka, kumasuka, kukoka, kumasuka. Kale kumasuka kumeneko ndimakutenga ngati poi ikufuna kugwa, pano ndikudziwa kuti ndi mmene imapumira.

Chimene chinanditsegula ndi mthiko. Eee, mthiko weniweni wa nsima. Poi sungaichedwetse, ukachedwetsa imagwa, nde sumapeza mpata woona kuti pa malo akuti chingwe chiyenera kuloza kuti. Mthiko sugwa. Ndinajambula mtanda waukulu ndi khala pa khoma la kuseri kwa nyumba, pakati pake molingana ndi phewa langa, nkuima chammbali pafupi ndi khomalo, kugwira mthiko kumapeto ndi zala ziwiri, dzanja lamanzere nkumathandiza kuutembenuza pang'onopang'ono. Pamwamba uloze kumwamba, imani kaye. Tsitsani mkono pang'ono, mthiko ugwere kumbuyo mpaka ugone pa mkono, imaninso. Tsitsaninso, upitirire kuzungulira utulukire chapansi mpaka uloze kutsogolo. Choncho mpaka thupi litazolowera, kenako nkutenga sokosi. Khoma limathandizanso mbali ina, poi ikangochoka pa plane imakhula khomalo ndipo umamva pompo.

Ine ndikuti njira imeneyi iposa zonse ndipo sindikuona move imene ingakanike ndi mthiko ndi khoma. Triquetra, duwa la masamba atatu lija, inspin, ngakhale weave kwa ongoyamba kumene, zonse zikanamayambira pamenepo anthu sakanamataya miyezi. Ndikanakhala ndikuphunzitsa ine, munthu sakanagwira chingwe sabata yoyamba yonse. Mnzanga wina akuti mthiko sungakuphunzitse kulemera kwa poi ndi kukoka kwake, chabwino, koma kukokako kumabwera kokha ukadziwa kumene ukupita.

Nde apa mpamene mtima umandiwawa pang'ono. Achimwene amene anandiyambitsa kuno ku gombe la ku Cape Maclear ndi katswiri weniweni, akayatsa usiku anthu amasiya kudya, ndipo ndimawalemekeza kwambiri chifukwa sanandilipiritsepo ngakhale tambala. Koma ukawafunsa kuti achimwene apa dzanja lipite kuti, yankho ndi limodzi lomwelo, ingomvera chingwe mphwanga, chikuuza chokha. Nkuchitanso move ija mwaliwiro lomwelo, kawiri katatu, nkukuyang'ana kuti waona eti? Sindinaone kanthu achimwene! Iwo thupi lawo linadziwa kalekale moti anaiwala kuti kusadziwa kumamveka bwanji. Za malo anayi zija akanandiuza tsiku loyamba ndi mawu ochepa chabe. Ma vidiyo a pa YouTube nawo alipo abwino koma bando imatha munthu akadali kupereka moni ndi kuthokoza omutsatira, ndipo ambiri amaima moyang'ana kamera nde lamanja lake limakhala kumanzere kwako, uzitembenuza m'mutu uku ukuyesa kumva chizungu chothamanga.

Nthawi nayo palibe. Ntchito ya ku loji imayamba kusanache, ukaweruka mikono yatopa kale ndi kunyamula makreti ndi kutsuka mapoto, ndipo antispin imafuna phewa lamphamvu chifukwa mkono umakhala wotambasuka nthawi yonse. Ukangotopa bwalo lija limayamba kuchepa osazindikira. Nyengo ya mwera nayo, mphepo ikamakuntha kuchokera kummwera poi ya sokosi imauluzika ngati kansalu, plane sungaisunge, ndipo za moto ndiye osayerekeza, lawi limagonera mbali imodzi nkumakubwerera. Masiku abata nawonso ndi amene alendo amachuluka ntchito nkupanikiza. Kaya anzanga a m'tauni mumapeza bwanji mpata.

Tsono za moto. Weave, butterfly ndi ma reel ndimachita ndi moto ndithu ndipo mantha ake anatha. Koma antispin ndi nkhani ina, chifukwa chimene ndangomvetsachi chikutanthauza kuti pa bwalo lililonse lawi lizidutsa pafupi ndi phewa ndi khutu langa kanayi. Pa weave moto umakhala kutali kumapeto kwa tcheni, umangomva kulira kwake kuja, vuu vuu, kumbali. Apa ukubwera dala mkati. Chimene chikundilimbitsa mtima ndi liwiro lija, poti pamene uli pafupi kwambiri ndi thupi mpamene ukuthamanga kwambiri, ndipo lawi longodutsa siliwotcha msanga. Chimene chimawotcha anthu kwambiri ndi chitsulo, tcheni ndi mabawuti a pafupi ndi chingwe cha moto, zikatentha nkukukhudza kapena kukukulunga pa mkono. Ndipo move imene tcheni imagona motsatira mkono kanayi konse ndi imeneyi.

Komanso poi za moto ndi zolemera kuposa sokosi, makamaka zikangomwa parafini, kenako zimapepuka mafuta akamatha, nde kukoka ndi kumasuka kumene ndazolowera kusintha mkati mwa mphindi zochepa zomwezo. Ndayamba kuchita pulakatisi ndi za motozo zosayatsa masana, mwaye wake umasiya mizere yakuda pa malaya ndi pa mkono ndipo mizere imeneyo ndi imene ikundiuza pamene ndikanapsa. Pakali pano ikadalipo iwiri, wina pamwamba pa chigongono wina kuseri kwa phewa, pa tsamba lakumbuyo lija limene phewa limayenera kutembenuka.

Pa chitetezo achimwene aja ndiye sanyengerera ndipo apa ndimawayamikira. Petulo ayi, ngakhale parafini atasowa bwanji, chifukwa nthunzi yake imayaka patali usanayandikire nkomwe. Zovala za thonje basi, jezi ya mpira ya polyester imasungunuka nkumatirira pa khungu. Tsitsi kulinyowetsa kapena kumanga duku la thonje. Chitini cha mafuta chikhale kutali ndi pamene ukuvinira ndipo chitsekedwe usanayatse, mafuta otsala kuwakutumula kaye kuti asamawazikire anthu akuyaka, ndipo pakhale munthu wosamwa wagwira tawulo yonyowa amene ntchito yake ndi kuyang'ana iwe, osati kujambula pa foni. Ndimaona anyamata ena akuyatsa atamwa, zingwe zawo za jinzi yakale yomanga ndi waya zikuthothoka zidutswa zoyaka pa mchenga pamene pali ana, zimandipweteka mtima. Ndikudziwa Kevlar, nsalu yosapsa msanga imene amapangira zingwe za moto, ndi yovuta kupeza kuno, zanga ndinachita kutumiza kwa wachibale ku Joni, koma jinzi ngati ukugwiritsa ntchito uziyang'ana ndi kusintha isanafike pothothoka.

Alendo ena tikamaliza amabwera kudzafunsa ngati uwu ndi gule wa makolo athu. Ine ndimawauza zoona kuti ayi. Poi ndi ya a Māori a ku New Zealand, ankaipanga ndi bango lawo lotchedwa raupō ndi chingwe cha chomera chotchedwa harakeke, ndipo mpaka lero azimayi ndi amene amaivina kwambiri mu kapa haka, magule awo ovina pagulu, akuimba, ya chingwe chachifupi nkumaimenya pa dzanja kuti izimveka ngati kang'oma. Moto munalibemo m'menemo, unabwera pambuyo. Ngakhale gule wa mpeni wa moto wa ku Samoa, moto wake anauwonjezera ndi Freddie Letuli mu 1946. Ndikaonera azimayi a kapa haka aja mmene gulu lonse limamenyera pamodzi osaphonya ndimaona kuti ife timathamangira ma move ambiri pamene kuvina kwenikweni sitinakugwire. Ine ndemwe ndikamachita antispin miyendo imangoima njii, nkhope yauma ndi kuwerenga.

Ndipo zonse ndafotokozazi ndi za dzanja limodzi. Lamanzere likudziwa malo anayi aja pa mthiko koma pa sokosi likumafika mochedwa pa tsamba lakumbuyo, ndipo ndikayesa onse awiri split time, lina pamwamba lina pansi, mutu umasankha dzanja limodzi linalo nkulisiya lizidzionera lokha. Kapena pali kachinsinsi kenanso kangati ka malo anayi kamene sindinakaone, kapena apa palibe chidule ndi kungobwereza miyezi, sindikudziwa. Mthiko pa manja awiri sukutheka poti palibe dzanja lachitatu lotembenuzira, nde njira yanga ija apa yayamba yaima kaye. Achimwene akuti ndiyatse ndi dzanja limodzi lomwelo mwera ukangotha, akuti mantha sathera pa sokosi. Mwina akunena zoona. Koma mzere wa mwaye wa kuseri kwa phewa uja ukadalipo, ndipo sindikudziwa ngati ndidikire uthe kaye kapena ndi umene umatha ukayatsa.