Mmene ndinakonzera source code ya kernel ya Linux pa laputopu yanga ku Mufakose

Kwa zaka ziwiri ndinkagwiritsa ntchito Linux osadziwa chimene chimachitika mkati mwake, mpaka tsiku lina achimwene anga, amene amakonza makompyuta m'tauni muno mwa Harare, anandiuza kuti kernel ndi pulogalamu ngati ina iliyonse, yomwe munthu angathe kutenga source code yake (malemba amene opanga pulogalamu amalemba), kuiwerenga ndi kuimanga yekha, kutanthauza kuisandutsa pulogalamu yoti kompyuta iyendetse. Kernel ndi gawo la pakatikati la dongosolo loyendetsa kompyuta monga Linux, limene limayendetsa purosesa, memori, disiki ndi zipangizo zonse zolumikizidwa ku kompyuta, ndipo mapulogalamu ena onse amadalira iyo. Ya Linux anaiyamba Linus Torvalds ku Helsinki mu 1991, yambiri inalembedwa m'chinenero cha C, ndipo popeza ili pansi pa laisensi ya GPL, aliyense ali ndi ufulu woitenga ndi kuisintha.

Chinthu choyamba chimene ndinayenera kusankha chinali njira yoitengera. Pali njira ya Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code, imene imabweretsa mbiri ya zosintha zonse kuyambira 2005, koma mbiriyo imatenga ma GB angapo, ndipo kwa ife amene timagula data pang'onopang'ono ndi madola owerengeka, kumeneko n'kutaya ndalama. Munthu akhoza kuchepetsa polemba git clone --depth 1, koma ine ndinasankha fayilo imodzi yopanikizidwa ya pa kernel.org. Ndinatenga kernel ya nambala 6.6, yomwe inatuluka mu Okutobala 2023 ndipo ndi imodzi mwa zimene zimasamalidwa kwa nthawi yaitali. Fayiloyo inali pafupifupi 140 MB. Ndinaitsitsa ndi wget -c, chifukwa -c amalola kupitiriza pamene intaneti yadukira m'malo moyambiranso, kenaka ndinayerekeza sha256sum yake, nambala yaitali imene ili ngati chidindo cha fayilo, ndi imene ili pa tsambalo kuti nditsimikize kuti yafika yathunthu.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali apa. Poopa kudzaza laputopu, ndinamasulira fayiloyo pa fulashi yomwe ndinkasungiramo zithunzi za banja, ndipo nthawi yomweyo tar, pulogalamu yomasulira mafayilo opanikizidwa, inayamba kudandaula. Nditawaimbira achimwene anaseka, n'kundifunsa kuti, "Kodi fulashiyo ndi ya exFAT?" Inalidi. Anandifotokozera kuti exFAT, imene ndi njira yosungira mafayilo pa fulashi, sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'maina a mafayilo, pamene mu kernel muli mafayilo monga xt_CONNMARK.h ndi xt_connmark.h amene ali mu foda imodzi koma ndi osiyana, choncho lina limafufuta linzake. Komanso exFAT sidziwa ma symlink, mafayilo amene amangoloza ku mafayilo ena. Ndinafufuta zonse n'kumasuliranso pa disiki ya ext4, njira yosungira mafayilo ya Linux, ndi tar -xf, ndipo zinatuluka zoposa 1 GB.

Usiku umenewo sindinamange kalikonse, ndinangoyendayenda m'mafoda ngati mlendo pamudzi. Mu arch muli zokhudza mtundu uliwonse wa purosesa, mu mm muli za memori, mu fs za kasungidwe ka mafayilo, mu net za netiweki, ndipo foda ya drivers ndiyo yaikulu kuposa zonse. Woyamba kumene ndingamulangize kuti ayambire mu Documentation, kenaka atsegule init/main.c n'kufunafuna start_kernel, chifukwa pamenepo ndi pamene munthu amaona ndi maso dongosolo limene kernel imatsata podzuka.

Zida zomangira ndinaziika ndi apt, lamulo loikira mapulogalamu: build-essential, flex, bison, bc, libssl-dev, libelf-dev ndi libncurses-dev. Sipanavute.

Povuta panali pa fayilo ya .config, imene imanena zoyenera kumangidwa ndi zoyenera kusiyidwa. Ndinaganiza kuti chanzeru n'kukopera config ya kernel yomwe laputopu inali kugwiritsa ntchito kale, kuchokera mu /boot, n'kulemba make olddefconfig. Kumanga kunayamba bwino, koma patapita nthawi kunaima ndi uthenga wakuti palibe lamulo lopangira fayilo ina ya satifiketi. Chifukwa chake chinali chakuti config yokoperayo inkaloza ku fayilo ya makiyi imene imapezeka mu source ya amene anakonza Linux yangayo, osati mu ya kernel.org. Mankhwala ake n'kusiya CONFIG_SYSTEM_TRUSTED_KEYS ndi CONFIG_SYSTEM_REVOCATION_KEYS zopanda kanthu, ndipo ndinatero. Koma ndinazindikiranso kuti config yoteroyo imamanga madalaivala masauzande a zipangizo zimene sindinazionepo, imatenga maola ambiri, ndipo disiki yanga inali kutha ndikuona. Ndinalemba make mrproper kuti ndisese zonse, n'kuyambiranso ndi make defconfig. M'maganizo anga, woyamba kumene asamavutike ndi kukopera config. Defconfig ndi yaing'ono ndipo ikukwana pophunzira, pamene make localmodconfig ndi yabwino kwa amene akufunadi kernel yogwirizana ndi makina ake.

Ndinatsegula make menuconfig kungoti ndisinthe LOCALVERSION, mawu amene amawonjezeredwa kumapeto kwa nambala ya kernel, kukhala -mufakose, dzina la dera lathu, kuti ndidzaizindikire kernel yangayo. Kenaka mu start_kernel, pansi pa mzere umene umasindikiza linux_banner, uthenga wonena dzina ndi nambala ya kernel, ndinawonjezera mzere wa pr_info, lamulo losindikiza uthenga, wokhala ndi mawu akuti "Moni nonse, tadzuka bwino", osaiwala \n kumapeto kwake.

Ndinalemba make -j4, popeza lamulo la nproc linandiuza kuti ma core, magawo a purosesa ogwira ntchito nthawi imodzi, ndi anayi. Fani ya laputopu inayamba kulira ngati chigayo, ndipo amayi, amene anali kusenda mbatata pakhonde, anafunsa ngati chinthucho sichipsa. Zili mkati magetsi anazima, monga amachitira kawirikawiri kuno, ndipo batire langa lokalamba silinapirire. Ndinadandaula poganiza kuti ntchito yonse yapita, koma magetsi atabwera usiku ndinangolemba lamulo lomwelo, ndipo make inapitiriza pamene inalekera, chifukwa imayang'ana nthawi ya fayilo iliyonse n'kumanga zokhazo zimene zatsala kapena zasintha. Pamapeto pake panatuluka mzere wonena kuti arch/x86/boot/bzImage, fayilo ya kernel yomangidwayo, yakonzeka.

Achimwene anali atandichenjeza kale kuti, "Iwe, usayerekeze kulemba make install pa laputopu yomwe umadyera." Lamulolo limaika kernel yatsopanoyo pa makina enieniwo. Choncho ndinaika QEMU, pulogalamu imene imayerekeza kompyuta yathunthu mkati mwa kompyuta ina, n'kulemba qemu-system-x86_64 -kernel arch/x86/boot/bzImage -append console=ttyS0 -nographic. Mizere inathamanga pa sikirini, kenaka zonse zinaima pa kernel panic, uthenga wa kernel ikalephera kupitiriza, yonena kuti yalephera kupeza root filesystem, malo amene mumakhala mafayilo oyambira. Mtima unagunda, koma nditawerenga mofatsa ndinaona kuti kernel inali itadzuka bwinobwino, kungoti sindinaipatse disiki kapena pulogalamu yoyamba yoti iyendetse.

Tsiku lotsatira ndinakonza initramfs yaing'ono, phukusi la mafayilo limene kernel imatsegula mu memori podzuka. Ndinaika busybox-static, ndinapanga foda yokhala ndi bin, proc ndi sys, ndinakoperamo BusyBox, pulogalamu imodzi yokhala ndi malamulo ambiri ofunika, ndinalemba fayilo ya init imene imalumikiza proc n'kutsegula shell, polembera malamulo, ndipo zonsezo ndinazimanga pamodzi ndi cpio -o -H newc. Ulendo woyamba zinakanika chifukwa ndinaiwala chmod +x, lamulo lolola fayilo kuyendetsedwa, pa init. Nditakonza n'kuwonjezera -initrd pa lamulo la QEMU, shell inatseguka. Lamulo la uname -r linabweza nambala ya kernel yotsatiridwa ndi -mufakose, ndipo nditalemba dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, pafupi ndi pamwamba penipeni, pansi pa mzere wa Linux version, panali moni wanga uja. Ndinajambula sikirini ndi foni n'kuwatumizira achimwene, ndipo anayankha kuti Loweruka ndibwere ndi laputopuyo kushopu kuti tikayambe kulemba module yoyamba, kachigawo kowonjezera ku kernel.