Piritsi la abambo ndi ndulu ya mbuzi

Loweruka, Nchalo.

Kutentha kwa lero kunayamba dzuwa lisanatuluke n'komwe. Ndinaperekeza abambo ku Ngabu, ati kukangoona mitengo ya mbuzi. Tinabwerako ndi tonde wonenepa, ine ndili chete, poti ndimadziwa kumene nkhaniyi ikuchokera.

Mwezi watha adokotala ku Blantyre anawaonjezera piritsi lina. Piritsi la atorvastatin akhala akumwa kwa zaka ziwiri, koma mafuta oipa a m'magazi aja, cholesterol amene pa pepala la ku labu amalemba kuti LDL, anakana kutsika mokwanira. Latsopanoli ndi ezetimibe, mamiligalamu 10, kamodzi patsiku. Abambo anangotolapo mawu amodzi, akuti limatsekereza cholesterol m'matumbo. Zina zonse anamalizitsa okha: "Ndiye nyama yonona ndizidya mmene ndafunira, piritsi likasefa m'katimo."

Mwayi wake, masana kunabwera alamu anga aja aunamwino, mbuzi ili mkati mosendedwa pansi pa mtengo wa nimu. Anyamata atatulutsa chiwindi, alamu anapempha kuti asataye ndulu. Anainyamula ndi zala ziwiri, kathumba kobiriwira kaja timaopa kuti kangaphulikire pa nyama.

"Abambo, mdani wa piritsi lanu wambiri ali umu, osati m'mbale."

Abambo anasiya kudzikupiza ndi chipewa. Alamu anati chiwindi chathu chimapanga ndulu n'kumaithira m'matumbo aang'ono kuti ithandize kugaya mafuta, ndipo cholesterol amene amabwera ndi nduluyo amachuluka kuposa amene timadya. Pakhoma la matumbopo pali kapuloteni kotchedwa NPC1L1, ntchito yake kuolotsa cholesterol kuti alowe m'thupi. Anakayerekeza ndi mwini bwato padoko la Shire. Ezetimibe amafika n'kumangirira bwatolo pachitsa. Ena amaolokabe, koma pafupifupi theka la amene akanaoloka amatsala kutsidya, n'kutuluka ndi chimbudzi.

Apa m'pomwe ine ndinatchera khutu kwambiri, chifukwa ndinkadabwa kuti piritsi logwira ntchito m'matumbo lingatsitse bwanji mafuta amene ali kale m'magazi. Kani chiwindi chikaona kuti katundu wachepa kufika, chimachulukitsa timisampha take togwira LDL m'magazi kuti chikwaniritse zosowa zake. Komanso chiwindi n'chochenjera, chimayamba kudzipangira cholesterol wina chokha, ndiye atorvastatin amakachigwira dzanja kumeneko. N'chifukwa chake adokotala sanachotse piritsi lakale lija. Palokha ezetimibe amatsitsa LDL ndi 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse, si zambiri ayi, koma akaphatikizana awiriwa ntchito imaoneka.

"Nanga zononazi?" abambo anafunsa, maso ali pa mafuta a pamimba pa mbuzi.

Alamu anaseka. Mafuta onona bwato lake ndi lina, piritsili silikhudzako. Amalowa onse, ndipo akachuluka amafooketsa timisampha ta m'chiwindi tija.

Ndinawamvera chisoni pang'ono, kunena zoona. Munthu wakula ndi kanyenya wa pamsika, lero mpongozi akumuletsa pakhomo pake pomwe. Anadya ntchafu yopanda mafuta, nsima ya mapira ndi therere, akudandaula kuti mbuzi yonse yaphedwera adzukulu.

Madzulo ndinawerenga kapepala ka m'bokosi. Lingamwedwe munthu atadya kapena asanadye, ena limawatsegula m'mimba, ndipo minofu ikayamba kuphwanya popanda chifukwa tiyenera kubwerera kwa adokotala msanga. Alembanso kuti lisasungidwe pamalo otentha kupitirira madigiri 30. Ku Chigwa kuno, mwezi wa Okutobala! Abambo ankalisunga pawindo, pansi penipeni pa malata. Ndaliika m'kachitini kotseka bwino, kunsi kwa bedi komwe simenti imazizirirako.

Atsala mapiritsi 11. Sabata ya mawa ndikwera Thabwa kukagula ena.