Chikole chimene chili m'liwu lakuti engagement

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa liwu lija lakuti engagement, ndipo ndati ndilembe zisanandithawe m'mutu. Anzanga amene tikulimbana ndi auditing, phunziro lofufuza mabuku a zachuma a makampani, mukudziwa mmene liwuli ladzazira m'mabuku athu. Ukatsegula ISA 210, umodzi mwa miyezo ya padziko lonse imene ma auditor amatsatira, ulipeza pamutu penipeni, ukafika pa ISA 220 ukumana ndi engagement partner ndi engagement team, kutsogoloku kuli review engagement ndi assurance engagement ya mu ISAE 3000. Za zimene zimalembedwa mu engagement letter, kalata ya mapangano a auditor ndi kampani, sindinena, tonse tinaziloweza kale. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti liwu lomweli ndinkakumana nalo ponseponse kunja kwa kalasi, ndipo paliponse linkanena zina. Pa khadi loitanira anthu ku chinkhoswe lilipo. Pa wailesi akamati nduna yalephera kubwera chifukwa ili ndi engagements zina, lilipo. Mnzanga wogulitsa salaula pa Facebook amadandaula kuti engagement yatsika. Asisi anga, omwe ndi azamba, amati mutu wa mwana wachita engage. Zinthu zotalikirana chonchi zinakumana bwanji m'liwu limodzi?

Titafunsa m'kalasi ya madzulo, aphunzitsi anatembenukira ku bolodi n'kulemba mndandanda: appointment, commitment, betrothal, battle, involvement, participation, employment. Anati, "Lowezani amenewa, pa mayeso muzisankha amene akugwirizana ndi chiganizo." Basi, tinapitirira mutu wina. Zimenezi zimandiwawa mpaka pano, chifukwa mndandanda wotere umakupangitsa kuganiza kuti mawuwo ndi ofanana, pamene mu phunziro lathu lomweli awiri mwa iwo amasiyana kwambiri. Appointment ndi pamene eni masheya asankha auditor pa msonkhano wawo wa pachaka. Engagement ndi ntchito yeniyeniyo pamodzi ndi mapangano ake. Munthu amene waloweza kuti awiriwa ndi amodzi adzawasakaniza pa funso la mamakisi ambiri, ndipo sadzadziwa chimene chamugwetsa.

Chimene chinanditsegula mutu ndi timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi mwa tanthauzo mu dikishonale, tofotokoza kumene liwu linachokera. Engagement linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 kuchokera ku Chifalansa, ku mneni wakuti engager, ndipo pakati pa mneniyo pali kaliwu kakuti gage. Gage ndi chinthu chimene umasiya m'manja mwa munthu wina kuti akhulupirire kuti udzachita zimene walonjeza. Nditawerenga pamenepo ndinangoti, si chikole ichi?

Ndi chikole ndithu, ndipo chodabwitsa n'chakuti chilankhulo chathu chinayenda njira yomweyo popanda kuonera kwa Afalansa. Kwathu ku Katete mnyamata akafunsira mbeta n'kuloledwa, amapereka chikole, kaya ndi nsalu, mpango kapena kandalama, ndipo mtsikanayo akachilandira n'kukaonetsa kwa agogo ake, anyamata ena amadziwa kuti pamenepo padutsa kale munthu. Kuno ku Mtendere, mu Lusaka, ukapita kwa a kaloba kukabwereka ndalama, chimene amakuuza kuti usiye dzina lake ndi lomwelo. Ndinalowapo m'chipinda cha munthu wa kaloba ndikuperekeza neba wanga. Pakona panali mawailesi a kanema atasanjikizana, iliyonse ataimata kapepala ka dzina la mwini wake ndi tsiku lobweza. Panali makina osokera a Singer ataphimbidwa ndi chitenje, ndi mafoni m'kabokosi ka nsapato atawamanga ndi mphira. Eni zinthuzo amayenda m'tauni ngati wina aliyense, amakwera minibasi, amaseka ndi anzawo, koma mwezi ukatha ayenera kubwerera pakhomo paja. Sangangochoka. Palibe mmodzi wa ife amene anadabwapo kuti mpango wa chitomero ndi wailesi ya kwa kaloba zili ndi dzina limodzi, chifukwa timamva m'mtima kuti nkhani yake ndi imodzi: wasiya kanthu, wamangika.

Ndiye engagement ndi kumangika kumeneko. Kuyambira pamenepo, ndikakumana ndi liwuli ndimangofunsa kuti wamangika ndani, kwa yani, ndipo wasiya chiyani.

Ndinabwerera ku ISA 210 ndi funso limeneli ndipo zinthu zimene ndinkangoziloweza zinayamba kugwirana. N'chifukwa chiyani kalata ija imafuna kuti akuluakulu a kampani avomereze udindo wawo ntchito isanayambe? Chifukwa chikole chikuchokera mbali zonse ziwiri. Iwo akulonjeza kuti malipoti a zachuma akonza okha, kuti adzatsegula mabuku onse, ndiponso kuti sadzaletsa auditor kulankhula ndi aliyense amene akumufuna m'kampanimo. Auditor naye akuika dzina lake ndi siginecha yake, zimene kwa iye ndiye chuma chonse chimene ali nacho. Ngati akuluakuluwo akana kupereka mbali yawo, muyezo umati ntchitoyo usailandire, pokhapokha lamulo litakukakamiza, ndipo tsopano ndikuona chifukwa chake: sungamangike wekha pamene mnzako sanasiye kanthu. Ndiponso n'chifukwa chake kampani ikafuna kusintha ntchito pakati, kuchoka pa audit kupita pa review, imene ndi kafukufuku wosazama ngati audit, pamafunika chifukwa chomveka. Engagement partner uja, mkulu wotsogolera ntchito ya audit, ali ngati nkhoswe wa ukwati: pa chikondwerero saoneka kwambiri, koma banja likagwedezeka amene amaitanidwa kudzayankha ndi iyeyo. Mfundo imeneyi ndinkailemba m'mayankho mwa kuloweza, lero ndingathe kuifotokozera munthu amene sanalowepo m'kalasi yathu.

Gage ali ndi abale ake amene timawatchula tsiku ndi tsiku. Mortgage ndi mort ndi gage, chikole chakufa, chifukwa panganolo limafa ngongole ikatha kapena nyumba ikalandidwa. Wage ndi gage yemweyo m'katchulidwe ka Chifalansa cha kumpoto, chimene chinawoloka nyanja ndi anthu a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066. Ngakhale wed, kumene kunachokera wedding, m'Chingerezi chakale ankatanthauza kupereka chikole. Tanthauzo la chitomero mu engagement linabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1700, pamene ambirife timaganiza kuti ndilo loyamba.

Loweruka lina ndinapita ku garaja ya amalume ku Chawama ndipo ndinawafunsa, "Amalume, giya ikamachita engage ndiye kuti chachitika n'chiyani m'katimo?" Sanayankhe msanga. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kutola magiya awiri akale pa benchi, ina yaikulu ina yaing'ono, yakuda ndi girisi. Anaziyandikizitsa osagundanitsa, n'kuzunguza yaikuluyo. Yaing'ono inangokhala duu. Kenaka analowetsa mano a ina m'mipata ya inzake. "Taona mphwanga, apa zakolana. Iyi ikazungulira, inzakeyi siingakane." Zakolana! Sindinawauze kanthu za chikole, mawuwo anatuluka okha m'kamwa mwawo. Madzulo omwewo ndinaimbira asisi, ndipo anandifotokozera kuti mbali yotakata ya mutu wa mwana ikalowa m'chiuno cha mayi, mutuwo suyendanso uku ndi uku akaugwira pamimba. Amayeza m'magawo asanu ndi zala, ndipo akamva magawo awiri okha kapena ocheperapo pamwamba, amalemba kuti engaged. Apanso chinthu chimene chinali chomasuka chalowa pamalo, sichibwereranso mwachisawawa.

Zina zonse zinangotsatira. Foni ikakhala engaged, kapena chitseko cha chimbudzi chikalemba choncho, ndiye kuti pagwidwa kale ndi wina. Nduna ya engagements zina ija inapereka kale mawu ake kwina. Asilikali akamati engagement akunena nthawi imene magulu awiri akolana pa nkhondo moti sungachokepo osataya kanthu, ndipo kalekale munthu wofuna ndewu ankaponya pansi gulovu yake, imene inkatchedwanso gage.

Pali malo amodzi pamene liwuli likukhudza mbiri ya mzinda wathu uno. M'zaka za m'ma 1980 boma la Ronald Reagan ku America linali ndi mfundo yotchedwa constructive engagement, imene anaikonza Chester Crocker, yemwe ankayang'anira nkhani za Africa kuyambira 1981 mpaka 1989. Mfundoyo inali yakuti boma la tsankho la ku Pretoria, ku South Africa, lizilankhulidwa ndi kunyengereredwa m'malo molipatula. Nthawi imeneyo likulu la ANC, chipani cholimbana ndi tsankholo, linali muno mu Lusaka, mtsogoleri wake Oliver Tambo ankakhala kuno, ndipo a Kaunda anali m'gulu la atsogoleri ofuna kuti South Africa iikidwe zilango za chuma. Mu 1986 nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa zilangozo ngakhale Reagan anakana kusaina. Ndikaika funso langa lija pa nkhani imeneyi, ndimamvetsa mkwiyo wa anthu a nthawiyo. Liwu linali lolonjeza kuti mbali ziwiri zamangana, koma otsutsa ankafunsa kuti Pretoria yasiya chikole chanji. Tinaphunzira za mayiko a Frontline, a m'chigawo chino amene ankalimbana ndi boma la tsankholo, ku sekondale, koma palibe anatiimitsa pa liwu limeneli.

Ndikunenetsa, palibe njira yophunzirira mawu a Chingerezi yoposa kukumba muzu wake. Ndagula kope lapadera la zimenezi. Audit ndi kumva, kuchokera ku Chilatini audire, chifukwa kale maakaunti ankawerengedwa mokweza wina akumvetsera. Credit ndi kukhulupirira, debit ndi kukhala ndi ngongole. Muzu umodzi umakupatsa mawu asanu kapena khumi nthawi imodzi, ndipo sathawa m'mutu. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera amatsutsa. Amati, "Iwe, pa mayeso safunsa Chilatini," ndipo anandiponyera liwu lakuti nice, limene muzu wake umatanthauza mbuli. N'zoona, koma mawu otero ndi ochepa poyerekeza ndi amene muzu wake umathandiza, ndipo ine ndikuona kuti njira imeneyi ikanaphunzitsidwa kuyambira chaka choyamba cha sekondale, ana ambiri amene amaopa Chingerezi sakanachiopa. Ndingakonde kuti phunziro lililonse latsopano liziyamba ndi mphindi zochepa za mizu ya mawu ake akuluakulu, asanatipatse miyezo ndi manambala ake.

Koma nthawi yake ili kuti? Ndimaweruka mu shopu ku Kamwala dzuwa litapendeka, minibasi imaima pa mzere wa magalimoto mpaka kalasi kuyamba ine ndili m'njira, ndipo ndikafika kunyumba nthawi zambiri magetsi palibe, ndiye kuwerenga kwake n'kwa tochi ya foni. Aphunzitsi nawo amafika atatopa kuchokera ku ntchito yawo ya masana, maso ali pa silabasi. Ndimawamvetsa. Komabe tikulipira ndalama zambiri, ndipo chinthu chimene chikanatenga mphindi zisanu pa bolodi ndachipeza ndekha patapita miyezi. Mukafunsa funso la chifukwa, yankho limakhala lakuti "zimenezo sizibwera pa mayeso." Zimene sizibwera pa mayeso n'zimene zimagwiriziza zimene zimabwerazo, ndipo tikazidumpha timangodzaza mutu ndi mindandanda imene imatha sabata ya mayeso ikadutsa. Ndi angati m'kalasi mwathu amene asiya maphunziro poganiza kuti mutu wawo ndi wouma, pamene anangopatsidwa zinthu zosalumikiza?

Pamene ndaima tsopano ndi pa engagement ya masiku ano. Mu phunziro la management timawerenga za employee engagement, imene katswiri wina, William Kahn, analemba mu 1990, ndipo pamenepo chikole ndimachionabe, chifukwa iye ankanena za munthu kudziika yense, thupi, nzeru ndi mtima, mu ntchito yake. Koma ya pa Facebook ija imandizunguza. Munthu wadina chala pa chithunzi cha diresi ya salaula ali pa mzere wa basi, wapitirira, mawa sakumbukira n'komwe. Wamangika pati? Chimodzimodzi community engagement imene mabungwe amachita m'makomboni muno: anthu aitanidwa, amvetsera, asaina pepala, alandira chakumwa, abalalika. Mnzanga wa salaula akuti chikole chake ndi nthawi ndi maso a munthu, ndipo akuti amene amalemba ndemanga kufunsa mtengo kawirikawiri amabwera kudzagula. Mwina akunena zoona, ndipo mwina n'chifukwa chake kulemba ndemanga kumaoneka kolemera kuposa kungodina chala. Mwinanso liwuli latambasuka mpaka chikole chagwamo, ndipo ine ndikukakamiza njira yanga pamalo pamene siyikwana. Funso likadzabwera lofuna kusiyanitsa stakeholder engagement ndi stakeholder involvement, mawu onena za anthu okhudzidwa ndi ntchito ya bungwe, ndikuganiza kuti ndidzalemba kuti yoyambayo imamanga mbali zonse ziwiri pamene inayo imangolowetsa anthu m'nkhani, koma ngati wochonga adzagwirizana nane, pamenepo sindinatsimikize.