Pansi pa bwato langa: zimene nambala ya 0.5 imatanthauza

Sabata ino sindinadule kapena kumata kalikonse pa bwato laling'ono limene ndikupanga, chifukwa ndinabwerera pa kompyuta kukaonanso mawerengedwe a gulupu (panel, chimbale chosanjikiza) la pansi pake. Gulupuli lili ndi makungu awiri a fibreglass, lililonse lochindikala 1 mm, ndipo pakati pawo pali foam ya Divinycell H80 ya 10 mm. Makungu ndiwo amalimbana ndi kukokeka ndi kupanikizika, pamene foam imawagwira kuti asatsetsereke lina pa linzake.

Nditayesa gulupuli mu pulogalamu ya finite element analysis (imene imagawa chinthu m'tizigawo ting'onoting'ono n'kuwerengera mphamvu pa kalikonse) mwezi wathawu, failure index ya Tsai-Wu, nambala yosonyeza ngati chinthu chayamba kuwonongeka, inafika 0.5 pamalo ovuta kwambiri, ndipo ndinalemba m'kope langa kuti lingathe kusenza katundu wolemera kawiri. Apa ndinalakwitsa. Njira imene Stephen Tsai ndi Edward Wu anafalitsa mu 1971 imanenadi kuti chinthu chayamba kuwonongeka nambalayo ikafika 1, koma nambalayo siikwera mofanana ndi katundu, popeza zigawo zake zina zimachulukitsa mphamvu ndi mphamvu inzake. Zigawo zimenezo zikakhala zazikulu, 0.5 amatanthauza kuti katundu angowonjezeka pafupifupi ka 1.4 basi, ndipo kuti munthu akhale ndi mpata wa kawiri nambalayo iyenera kukhala pafupi ndi 0.25. Tsopano ndimawerenga strength ratio, imene imanena mwachindunji kuti katundu angachulukitsidwe kangati.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi kachidutswa ka gulupuli kamene ndinathyola Loweruka. Ndinadula kamzere ka 50 mm m'lifupi, n'kukaika pa mapaipi awiri otalikirana 150 mm, ndipo ndinakapanikiza pakati ndi jeke ya galimoto, sikelo ili pansi, motengera mayeso a ASTM C393, njira yovomerezeka yoyesera kulimba kwa pakati pa zinthu zosanjikiza ngati izi. Sikelo itayandikira 120 kg ndinamva kaphokoso kouma, koma makungu onse awiri anali osalala ngati kale. Chinang'ambika ndi foam, mng'alu wopendekera wa pafupifupi madigiri 45 pakati pa jeke ndi paipi, ndipo unakwawa pansi pa khungu la pamwamba mpaka kulimatula. Nditawerengera ndi pensulo, foam inali itafika pafupi ndi 1.1 MPa (megapascal, muyeso wa mphamvu imene ili pa kachigawo kalikonse ka chinthu), malire amene opanga ake amatchula, pamene makungu anali pa 80 MPa zokha. Chithunzi cha pa kompyuta cha nambala ya Tsai-Wu chimene ndinkachikhulupirira chinkanena za makungu okhaokha, ndipo za foam sichinkanena kanthu, chifukwa ine mwini sindinaifunse pulogalamuyo za mphamvu yotsetsereketsa (shear) ya mu foam ya pakatipo.

Pa chithunzicho palinso kadontho kofiira pamalo pamene ndinaika katundu pa node imodzi (mfundo imene tizigawo timakumana), kamene nambala yake imakwera nthawi iliyonse ndikachepetsa kukula kwa tizigawo ta mesh, ukonde umene pulogalamuyo imagawira gulupulo. Kameneko sindikukawerengera, ndipo katunduyo ndamumwaza pa malo aakulu ngati phazi la munthu.

Ntchito yatsala ndi iwiri. Ndiyesa makungu ndi njira ya Hashin ya 1980, chifukwa imasiyanitsa kuduka kwa ulusi ndi kusweka kwa utomoni, zimene nambala imodzi ya Tsai-Wu imaphatikiza. Kenako ndiwerengera pamanja kukwinyika kwa khungu lopanikizika, ndisanagule foam yochindikala 15 mm ya pamalo pamene munthu amaponda polowa m'bwato.