Kudinda Masamba pa Nsalu ndi Dzuwa la ku Ulongué

Ndine telala kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo zidutswa za nsalu yoyera ya thonje zotsala posoka zinkangodzaza m'thumba mpaka pamene mlamu wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi timapaketi tiwiri ta mankhwala, ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide. Njira yodindira ndi mankhwalawa imatchedwa cyanotype. Anaitulukira John Herschel ku England mu 1842, ndipo mu 1843 Anna Atkins anayamba kudinda nayo ndere za m'nyanja pongozigoneka pa pepala. Ine ndimagoneka masamba a chinangwa, a nsungwi ndi a chisoso.

Nsalu iyenera kukhala ya thonje lenileni, chifukwa ya poliyesita siyimwa mankhwala. Ndimayamba ndaichapa kuti ichoke sitachi wa kufakitale, ndi kuitsukuluza kangapo mpaka sopo yense atatha.

Mankhwala oyambawo ndimasungunula magalamu 25 m'madzi okwana mamililita 100, achiwiriwo magalamu 10 m'madzi ena ochuluka chimodzimodzi, ndipo ndimawasunga m'mabotolo awiri akuda. Akakhala paokhapaokha amakhalitsa, koma akasakanizidwa sachedwa kuwonongeka, choncho ndimasakaniza muyeso wofanana wongokwanira usiku umenewo. Ndimavala magolovesi, ndi kupaka ndi siponji dzuwa litalowa, babu wamba akuyaka. Nsaluyo imasanduka yachikasu chobiriwira, ndipo ndimaiyanika m'chipinda chimene zenera lake ndatchinga ndi bulangete. M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno kumachedwetsa kuuma, koma munthu asapupulume, pakuti nsalu yachinyezi imatuluka mathothomathotho pansi pa galasi.

Mawa lake ndimayala nsaluyo pa thabwa ndidakali m'nyumba, ndi kusanja masamba amene ndawagoneka m'kati mwa buku usiku wonse kuti aphwathalale. Pamwamba ndimaika galasi la zenera n'kulipana ndi zopanira zovala. Galasilo si lokongoletsa: tsamba likangotukuka pang'ono, kuwala kumalowa pansi pake ndipo m'mphepete mwake mumaoneka mwachimbuuzi. Pa masamba onse, la chisoso ndi limene ndimalikonda, ngakhale kumunda timalizula ngati udzu, chifukwa timano ta m'mphepete mwake timatuluka bwinobwino.

Padzuwa ndi pamene ambiri amanyengeka. Nsalu imayamba kuda n'kumaoneka yabuluu, ndipo mtima umafuna kuichotsa pomwepo, koma nthawi yake imakhala isanakwane. Ndimadikira mpaka itatuwa ngati yaphulusa. Dzuwa la masana mu Okutobala limanditengera mphindi pafupifupi 15, pamene tsiku lamitambo mu Julaye ndadikirapo kupitirira theka la ola. Chimene chimachitika n'chakuti kuwala kwa dzuwa kumasintha chitsulo cha m'mankhwala oyamba aja, ndipo chikakumana ndi achiwiriwo chimapanga utoto wotchedwa Prussian blue umene susungunuka m'madzi. Pamene panabisala tsamba mankhwala sasintha, motero amachoka potsuka n'kusiya chithunzi choyera.

Dzuwa silinandivutepo. Chinandigwetsa ulesi ndi madzi. Nsalu zanga zisanu zoyamba ndinazitsukira m'beseni limene mayi a kunyumba anali atalikwecha ndi phulusa, ndipo buluu wokongola uja anafwifwa ndikuona, n'kutsala chikasu chotuwa. Phulusa, chidulo chimene timathira mu therere, soda ndi sopo waufa zonse zili ndi khalidwe limodzi lophwanya utoto umenewu. Madzi a pa mijigo ina nawonso amaufwifwitsa pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo ndili ndi beseni langalanga limene salikhudza wina, ndipo nyengo ya dzinja ndimatchera madzi a mvula. Ndimatsuka ndi kusintha madzi mpaka chikasu chitatheratu, makamaka pamalo oyera, chifukwa chikatsalira chimadzada pambuyo pake n'kudetsa tsamba lonse.

Buluu amakhwima yekha pakapita tsiku limodzi kapena awiri nsalu ili pamthunzi. Ndikafuna kuona msanga, ndimathira kasupuni ka água oxigenada (mankhwala otsukira zilonda, hydrogen peroxide) wa ku famasi m'madzi omaliza, ndipo mtundu umazama nthawi yomweyo, ngakhale kuti mapeto ake amakhala ofanana ndi a wodikira.

Zidutswazo ndimasokera pa zikwama ndi pa mapilo, osati pa malaya ochapidwa sabata iliyonse. Wogula aliyense ndimamuuza kuti azichapa ndi madzi ozizira okha ndi kuyanika pamthunzi. Mayi wina anabwera nacho chikwama chitayera mbali imodzi, ndipo nditafunsa kuti, "Amayi, munachapira chiyani?" anayankha kuti mwana wawo anachinyika limodzi ndi yunifomu ya kusukulu. Ndinasomola chidutswacho n'kusokerapo china cha masamba a nsungwi.