Za mimba ya foni ija, imvani kwa mwini wake

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuiyendetsa nkhaniyi atathira mchere ndi tsabola wake, akuti foni yanga inaphulika kofunsira mbeta ine n'kuthawa, ndati muimve kwa ine mwini. Foni sinaphulike. Komanso sindinathawe ayi, ndinangoimirira mofulumira, mpando n'kugwa wokha.

Batire lija ndinagula pa Lizulu, eya. Musandiyang'ane choncho. Nonsenu mukamadutsa pa M1 mumaima pomwepo kugula kabichi, anyezi ndi tomato, palibe amakusekani. Ine kugulapo batire basi ndasanduka chitsiru cha boma lonse la Dedza?

Ndipo vuto ndinali nalo lenileni. Batire lakale linali litatha zaka zitatu, litatopa ngati bulu wa pangolo. Pamwamba pake panalembedwa 3000 mAh, koma m'mawa wa mu Juni kwathu ku Bembeke, kuzizira kuja kolowa mpaka m'mafupa, foni inkachoka pa 40 peresenti n'kuzima ngati yakomoka. Ndinkachita kuifungatira m'thumba la mkati mwa jekete ngati mwanapiye. Ndiye onjezani geni yangayi ya mbatatesi, yokhalira pa Lizulu pamene tsidya lina la msewu ndi Mozambique. Foni imangokhalira kusakasaka netiweki, mwina n'kukulandirani m'dziko la eni inu muli pa thumba lanu la mbatatesi. Kusakako kumadya moto. Kasitomala akati atumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, foni ili chete.

Mnyamata wa pabenchi uja, wa machaja ndi mahedifoni, anaitembenuza foni yanga kawiri n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Abigi, foni yabwino ngati iyi mukuipha ndi njala."

Anapisa pansi pa benchi n'kutulutsa batire la mtundu wa golide, lonyezimira ngati mphete ya ukwati. Kukula kwake chimodzimodzi ndi langa lija, koma nambala yake 9800 mAh. "Mukatchaja Lolemba, chaja mudzaikumbukira Lachisanu." Mtengo K7,000. Wokonza mafoni pa boma anali atanditchulira K16,000, batire la 3000 yomweyo. Masamu a sitandade 4 awa, abale. Inuyo mukanatani? Ndinaona ndithu kuti linali lopepuka m'manja, koma mumtima ndinati ndi luso la makono limenelo, azungu apeza njira yochepetsera kulemera.

Masiku awiri oyamba ndinayenda modzitukumula. Tsiku lachitatu linayamba kutentha, ine n'kuwerengera ngati basela, pajatu ku Dedza mbaula ya m'thumba sukana. Sabata yachiwiri chivindikiro cha kumbuyo chinayamba kunyamuka pakona. Ndinadula mphira wa chubu cha njinga n'kumanga. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, foni yanuyi ikunenepa kuposa ana." Ndinawayankha kuti aziona za kukhitchini.

Ndiye linafika Loweruka lija lokafunsira mbeta ya mphwanga, mudzi wina cha ku Mlangeni, ine ndili nkhoswe. Munthu utavala suti sungatulutse foni yomanga mphira pamaso pa akuchikazi. Tili panjira ndinamasula mphira uja, n'kukanikiza chivindikiro ndi zala zonse ziwiri mpaka chinalira kuti the. Titalowa m'nyumba, anatikhazika pa tebulo la galasi, lija limangotulutsidwa kukabwera alendo olemekezeka. Ndinaika foni patebulopo, sikirini kumwamba, kuti aone kuti kumbali kwathu si anthu wamba. Ndinali nditaitseka pakamwa kuti ingonjenjemera. Ulemu ndimaudziwa ine.

Malonje anatha, thobwa linabwera, nkhani inayenda bwino. Kenaka atsibweni a mtsikana, mkulu wa imvi zake, anakhosomola pang'ono n'kunena motsitsa mawu:

"Ankhoswe, tamva. Koma changu chimenechi chikutidabwitsa. Tiuzeni zoona pano tili akuluakulu okhaokha. Mwana wathuyu ali bwinobwino? Palibe chimene chabisika?"

M'nyumba monse zii. Ngakhale nkhuku panja zinaleka kusasa. Ine ndikukonza kukhosi kuti ndiyankhe mwaukulu, foni inayamba.

Tsono mvetsani. Foni yabwinobwino ikamanjenjemera patebulo imangolira pamalo amodzi. Yangayi inali itagonera pamimba, nsonga zonse zinayi zili m'malere. Inayamba kuzungulira. Pang'onopang'ono kaye, mwaulemu, ngati ikupereka moni kwa aliyense. Inaloza atsibweni. Inaloza azakhali. Inandidutsa ine mwini wake ngati sitidziwana. Kenaka inakoka liwiro ngati nguli, dzina la mphwanga likuzungulira nawo pasikirini, pakuti woimbayo anali iyeyo, ali pa siteji mtima uli m'mwamba kufuna kumva ngati amulola. Anthu asanu ndi awiri, ena a mipando yawo kutchalitchi, mitu ikutsatira foni uku ndi uku. Palibe anayankhula. Inaima. Tonse tinapumira pansi. Mwanayo anaimbanso.

Ulendo wachiwiriwu inayamba kuyenda ikuzungulira, kulunjika kwa agogo aakazi amene anakhala pamkeka kumapeto kwa tebulo. Agogo anakoka chitenje n'kufutukula miyendo kukonzeka. Ine dzanja ndinalitambasula, koma mkono wa suti yobwereka unali wothina m'khwapa, sunafike. Foni inafika m'mphepete mwenimweni, n'kuima ngati ikuganiza, kenaka phaa! Chivindikiro chinauluka, n'kukatera m'jagi ya thobwa kuti chubwi. Apa ndi pamene ndinaimirira mofulumira paja.

Batire linatsala poyera, litatupa ngati chitumbuwa cha pa Chimbiya, 9800 ija itatambasuka bwino kuti aliyense awerenge.

Atsibweni anavala magalasi, anawerama, analiyang'ana nthawi yaitali kwabasi. Kenaka anati, "Ayi, tayankhidwa. Woyembekezera pakhomo pano alipo, koma mwabwera naye nokha."

Kukhitchini kunamveka nthungululu. Agogo anafunsa ngati ili ya miyezi isanu ndi umodzi. Azakhali anavuula chivindikiro ndi chipande, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kundipatsa ndi manja awiri atagwada. Kugwadako ndi kumene kunandipweteka kwambiri.

Lolemba ndinalawirira pa boma kwa wokonza mafoni uja wa K16,000. M'thumba ndinali ndi singano, maganizo anga anali oti tingoliboola pang'ono mpweya utuluke, ngati mmene timaphwetsera mpira. Mkuluyo ataona singano analumpha kuposa mmene ndinalumphira ine ku Mlangeni.

"Achimwene, mukufuna kundiotchera shopu? Batire la lithium likatupa ndiye kuti mankhwala a m'kati awonongeka, akutulutsa mpweya. Mukaliboola limatha kuyaka pompo. Osalitchajanso, osaliika m'thumba, osaliponya pamoto."

Analiika m'chitini chopanda kanthu panja, kutali ndi mafoni a anthu. Kenaka anandifunsa geni imene ndimachita. Nditamuuza, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye inu a mbatatesi, ndowa imodzi mungathiremo mbatatesi za ndowa zitatu? mAh ndi muyeso wa moto umene batire lingasunge. Malo m'foni ndi omwewo, kukula kwa batire komweko, mphamvu ichuluke katatu ichokera kuti? Chimene anachulukitsa ndi inki."

Anakanda pakona pa chipepala cha golide chija ndi chikhadabo. Pansi pake panali chipepala china chakale, cholembedwa 1800. Ndinakhala chete. Zinandikumbutsa ndowa zina pamsika zija zophwanyidwa kunsi kuti zizidzaza msanga. Za anzanga, osati zanga.

Anatenga batire langa lakale, limene mwamwayi ndinali ndisanataye, n'kundionetsa zoyenera kuyang'ana: nambala ya mtundu wa batire yolembedwa pamwamba ifanane ndendende, mavoti afanane, langa ndi 3.8V, ndipo mAh ikhale yomweyo kapena yoyandikira. Anandionetsanso deti limene linapangidwa, akuti batire limakalamba ngakhale lili m'pepala pashelefu. Anandipatsa latsopanolo dzanja ili, la 3000 lakale dzanja linalo, kulemera kwake kofanana. La golide lija likanakhala mbatata, ndikanati yafumbwa. Risiti analemba, n'kuti likavuta m'masabata awiri ndibwerere nalo. Mnyamata wa pa Lizulu risiti yake inali "Mulungu akudalitseni abigi."

Koma ndinene pano, pakuti ena mwafika pomandiimbira foni usiku kufunsa ngati yachira. Mu 2016 kampani yonse ya Samsung inaitanitsa mafoni ake a Galaxy Note 7 kuti abwezedwe chifukwa mabatire ankayaka, mpaka anawaletsa kukwera nawo ndege. Anthu a mayunivesite awo, makina awo, batire linawapusitsa. Nanga ine wa fomu 2 wa ku Bembeke? Komanso mbeta anatipatsa. Ndani akudziwa, mwina chipanda kuseka kuja atsibweni akanalimba nalo funso lawo, ndipo yankho lake, kunena zoona, ine ndinalibe, pakuti mphwanga ndikamufunsa amangoyang'ana pansi.

Mnyamata wa batire uja ndinakamufuna Lachitatu. Pamalo pake pali mayi wogulitsa nandolo, akuti sanamuonepo chibadwire.

Chinkhoswe chili mwezi wa mawa. Akuchikazi atumiza uthenga kuti ankhoswe abwere, koma odwala atsale kunyumba. Batire latsopanoli likugwira bwino, limafika madzulo. Chivindikiro chokha ndi chimene chinapindika, sichitsekanso, ndiye mphira uja ndabwezeretsa. Chimanunkhirabe thobwa pang'ono foni ikatentha.